Madimba a ku Garden ndi Matimati a Masamba a Mbatatesi

Msewu wa Katima Mulilo ukangochoka ku Olympia n'kulowa mu Garden, chimene chimayamba kukulandira ndi phokoso la zitsulo. Anyamata owotcherera ayala mageti ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa msewu, akalipentala akupala matabwa, minibasi zikuima paliponse pamene kondakitala waona munthu. Ndiwo zamasamba zilipo ndithu, koma zili pa matebulo ndi pa masaka oyala pansi, ndipo zambiri zafika m'mamawa kuchokera ku msika wa Soweto. Dimba lenileni ndi lochita kufunafuna. Komatu akuluakulu a m'komboniyi amati dzina la malowa linachokera ku madimba a ndiwo amene anali kuno nyumba zisanachuluke, m'mbali mwa madzi otsika kuchokera ku Manchinchi kupita ku mtsinje wa Ngwerere.

Lusaka anayamba mu 1905 ngati poima sitima pa njanji yochokera ku Livingstone kupita ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe. Dzina linatengedwa kwa nyakwawa Lusaaka, amene mudzi wake unali pafupi. Kwa zaka zoposa makumi awiri, malowa anali tauni yaing'ono ya alimi achizungu, fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja. Zinthu zinasintha mu 1931 pamene boma la atsamunda linaganiza zochotsa likulu ku Livingstone, n'kuitana Pulofesa Stanley Adshead wa ku London kuti adzajambule mzinda watsopano. Likulu linasamuka mu 1935. Adshead anatsata maganizo amene anali otchuka ku England nthawi imeneyo, oyambitsidwa ndi Ebenezer Howard: mzinda wa misewu yotakata, mitengo yambiri, nyumba iliyonse ndi bwalo lake lalikulu la maluwa ndi ndiwo. Ku Ridgeway ndi ku Rhodes Park zinachitikadi choncho. Koma pa mapu amenewo munthu wakuda ankawerengedwa ngati wantchito wongodutsa, woti akatha mphamvu abwerere kumudzi. Maluwa a kumayadi ankathiriridwa ndi manja a anthu amene analibe poti n'kubzala ngakhale phando limodzi la maungu.

Anthuwo anapeza okha pokhala. Azungu ena amene anali ndi mapulazi, migodi ya miyala ndi mauvuni a laimu m'mphepete mwa mzinda ankalola antchito awo kumanga tinyumba pamalo awo, kenako n'kumalandira lendi kwa aliyense wofuna malo. Ndiye chifukwa chake makomboni ambiri a Lusaka ali ndi mayina a anthu: George, John Laing, John Howard, Jack, ndi Marrapodi, amene anali Mtaliyana wowotcha laimu ndi njerwa. Boma linamanga Chilenje ndi Matero lamulo la nyumba za anthu akuda la 1948 litavomereza kuti wantchito akhale m'tauni ndi banja lake, koma nyumbazo sizinakwane n'komwe. Mu 1963 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 123,000. Ufulu utabwera pa 24 October 1964, malamulo oletsa anthu kulowa m'tauni anatha, ndipo pofika 1969 chiwerengero chinali chitapitirira 260,000. Kanyama, Chawama, Kalingalinga, George, Chaisa ndi Garden anatupa m'zaka zimenezo. Mtendere anatsegulidwa mu 1967 kuti anthu alandire mapoloti odulidwa bwino, koma chigumula cha anthu chinali chachikulu kuposa mapoloti.

Ambiri mwa obwerawo anadzera msewu wa Great East, kuchokera ku Fort Jameson, Katete, Petauke, Lundazi, ena mpaka ku Nyasaland. Anabweretsa chinenero chimene mpaka lero ndicho cha m'misika ndi m'minibasi za Lusaka, ndipo anabweretsanso luso la dimba. Munthu wa kum'mawa safunika kuuzidwa chochita akaona dambo. Amadziwa kuti mvula ikatha, pamene munda wa kumtunda wauma, pansi pa dambo pamakhalabe chinyontho. Amadziwa kukumba chitsime chosaya, kukweza mabedi, kumanga mpanda wa minga kapena wa udzu. Ankadziwanso matimati, ngakhale sanali aakulu ngati a masiku ano. Kumudzi kunali phwetekere wamng'ono uja wongodzimerera pa dzala, kuseri kwa khola ndi pa chulu, wowawasa, wa njere zambiri, amene amayi ankangomufinyira mu therere kapena mu chiwawa chotendera. Anakhala nafe kalekale mpaka anthu ambiri amamuyesa mbewu ya makolo athu. Koma kwawo kwenikweni kwa matimati ndi ku mapiri a Andes, ku Peru ndi Ecuador, ndipo anthu a ku Mexico ndiwo anawaweta n'kuwasandutsa mbewu ya m'munda. Anafika ku Ulaya Asipanya atagonjetsa mzinda wa Tenochtitlan mu 1521, ndipo mu 1544 Pietro Andrea Mattioli wa ku Italy anawalemba m'buku lake la zomera. Mbewu za ku America, monga chimanga, chinangwa ndi mtedza, zinalowa m'dera lathu lino kudzera kunyanja ndi m'njira za malonda za Apwitikizi, amene anali ku Sena ndi ku Tete kuyambira m'ma 1530.

Tsono pa Garden panali chinthu chimene dambo la kumudzi lilibe: madzi osaphwa chaka chonse. Mzinda utakula, zonyansa za m'zimbudzi za kumayadi ndi za m'tauni zinkapita m'mipope ku malo oyeretsera a pa msewu wa Manchinchi, ndipo madzi otuluka kumeneko ankalowa m'madamu aakulu a mu Garden kuti adikhe asanatsikire ku Ngwerere, mtsinje umene umakathira mu Chongwe. Madzi amenewa ndi onunkha, koma ndi onona. Repu wothiriridwa nawo amabiriwira popanda feteleza. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mzinda wonse uli mbuu ndi fumbi, m'mbali mwa ngalande za ku Garden munkakhala mobiriwira. Anthu amene mzinda sunawapatse malo anatenga malo amene mzinda sunkawafuna, n'kuthirira ndi madzi amene mzinda unataya, ndipo ndiwo zake zinkabwerera kukagulitsidwa kwa eni zimbudziwo. Mpaka lero, kumunsi kwa Ngwerere, alimi ambiri a ndiwo amadalira madzi omwewo.

Aliyense amene anagulapo manyowa ouma ochokera ku malo oyeretsera zonyansa amadziwa chodabwitsa china. Ukawathira pa kapinga kapena pa bedi la maluwa n'kuthirira, pakangopita masabata awiri pamamera mbande za matimati zimene sunafese. Njere ya matimati ndi yolimba: imadutsa m'mimba mwa munthu, imadutsa m'mipope ndi m'madamu, n'kukamerabe. Izi zimachitika m'mizinda yonse ya padziko, ndipo ku Garden zinkatanthauza kuti mbewu ya matimati odyedwa kumayadi inkadzifikira yokha kukomboni. Mayi wa dimba akaona mbande yonenepa pa mulu wa manyowa sankaitaya. Ankaizula ndi dothi lake n'kuiwokera pa bedi.

Boma la atsamunda silinkakonda ulimi wa m'tauni, ndipo khonsolo ya mzinda itakhala m'manja mwa eni dziko inatengera mtima womwewo. Kwa zaka zambiri antchito a khonsolo ankatumidwa ndi zikwanje kukatchetcha chimanga cha anthu m'malo opanda nyumba, ati chimasunga udzudzu ndi mbala. Chimene chinafewetsa mitima ndi njala. Mafuta anakwera mtengo mu 1973, mkuwa unagwa mtengo mu 1975, ndipo malipiro a anthu a m'tauni anayamba kutha mwezi usanafike pakati. Pulezidenti Kenneth Kaunda mwiniwake anayamba kulimbikitsa anthu a m'mizinda kuti azilima ndiwo kuseri kwa nyumba zawo. Bish Sanyal, amene anafufuza za ulimi m'makomboni a Lusaka mu 1980, anapeza kuti mabanja oposa theka ankalima kenakake, pakhomo kapena pa malo ena apadera. Ulimi wa m'tauni sunali chizolowezi cha kumudzi chimene anthu analephera kusiya, monga ankanenera akuluakulu a m'maofesi. Unali njira yopezera ndiwo.

M'zaka zomwezo Garden inasiya kukhala malo osaloledwa. Lamulo la 1974 linapatsa khonsolo mphamvu yovomereza makomboni ndi kupereka kwa eni nyumba chikalata chokhalira pamalo kwa zaka 30. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inabwereketsa ndalama zokonzera George, Chawama, Chaisa, Chipata ndi Garden: misewu, masukulu, zipatala zazing'ono, ndi mpopi umodzi pa nyumba pafupifupi 25. Chinali chinthu chabwino, ndipo palibe amene angalakelake masiku a matope ndi mantha a kugwetseredwa nyumba. Koma madimba anayamba kufa nthawi yomweyo. Malo akakhala ndi chikalata amakhala ndi mtengo, ndipo chipinda cha lendi chimabweretsa ndalama mwezi ndi mwezi popanda kuthirira. Pamene panali mabedi a repu panamangidwa midadada ya zipinda, khomo ndi khomo. Mu 1980 Lusaka anali ndi anthu oposa 530,000. Kalembera wa 2022 anapeza oposa 2.2 miliyoni. Ku Chilulu ndi ku Luangwa, zigawo za Garden yemweyo, poloti imodzi ikhoza kukhala ndi mabanja asanu kapena kuposa, chimbudzi chimodzi, chingwe chimodzi choyanikira zovala. Ngalande yaikulu ya Bombay, imene inakonzedwa ndi simenti pakati pa 2013 ndi 2018 ndi thandizo la ndalama zochokera ku America, inachepetsa kusefukira kwa madzi, koma m'mbali mwa simenti simumera kanthu.

Matimati a mumphika wa ku Garden lero amachokera kutali: Mkushi, Chibombo, Mumbwa, Chongwe, Lusaka West. Amafika ku Soweto usiku pa malole, m'mabokosi a matabwa osanjikizana, ndipo kusanache amakhala ali m'manja mwa anyamata ogulitsira alimi, amene amadyapo gawo lawo pa bokosi lililonse. Kuchoka apo bokosi limakwera wilibala ya Zamcab, kenako minibasi, mpaka pa kantemba. Mayi wogulitsa amawasanja m'milu, aakulu atatu pansi, limodzi pamwamba, ophwanyika pambali oti agulitsidwe motchipa. Wogula amafinya limodzi ndi chala n'kunena kuti, "Amai, ikaniko mbasela," ndipo amai amaponyamo kamodzi kofewa kamene sakanakagulitsa mawa.

Ulendo umenewu ndiwo unasankha mtundu wa matimati amene tikudya. Chipatso chofewa sichingapirire pansi pa bokosi kuchokera ku Mkushi. Poyamba alimi ankabzala Money Maker, mtundu wakale wa ku England wa zipatso zozungulira, ndi ina monga Heinz ndi Roma. Kenako kunabwera Rodade wa ku South Africa, wopirira matenda ofotetsa, ndi Tengeru 97, amene anatulutsidwa ku Tanzania mu 1997 pa malo ofufuzira a Tengeru pafupi ndi Arusha. Tengeru anakondedwa chifukwa cha khungu lolimba ndi kukhalitsa pa tebulo osawola. Lero alimi aakulu amabzala mbewu za haibulidi, zodula, zobereka kwambiri, zimene njere zake ukasunga sizibala ana ofanana ndi kholo. Sindikunyoza mitundu imeneyi. Popanda iyo mzinda wa anthu mamiliyoni awiri sungadye supu. Koma mitunduyi inapangidwira lole ndi bokosi, ndipo ndi zachisoni kuona munthu amene ali ndi malo a mitengo inayi yokha kuseri kwa nyumba akubzala matimati omwewo amene akanagula pa kona ndi makobidi ochepa.

Pali fuko lina la matimati limene msika unalisiya m'mbuyo, ndipo ambiri ku Lusaka sanalionepo. Tsamba la matimati amene tonse timawadziwa ndi lodukaduka, la mano m'mbali. Koma ilipo mitundu imene masamba ake ndi otambalala, osalala m'mphepete, okhuthala, obiriwira moderako, ofanana kwambiri ndi a mbatatesi. Tikunena mbatata ya kachewere, osati kandolo amene masamba ake timadya ngati kalembula. Munthu wosadziwa akaona mbande yotere pa nazale amaiyesa mbatatesi yosochera n'kuizula. Akanangotikita tsambalo n'kununkhiza chala, fungo likanamuuza kuti ndi matimati enieni. Kufananaku si kwangozi, pakuti mbewu ziwirizi ndi za banja limodzi pamodzi ndi impwa, mabiringano, tsabola ndi fodya. Carl Linnaeus mu 1753 anaika matimati ndi mbatatesi mu mtundu umodzi wa Solanum. Philip Miller anawapatula pambuyo pake, koma akatswiri a masiku ano, atayeza za m'kati mwa mbewuzi, anabwerera kwa Linnaeus. Masamba a zonse ziwirizi si ndiwo, ndipo asaphikidwe.

Mitundu ya masamba a mbatatesi inatchuka ku America m'zaka za m'ma 1880, pamene makampani a mbewu ankapikisana kutulutsa matimati aakulu ndi osalala. Peter Henderson wa ku New York anagulitsa wina wotchedwa Mikado mu 1886. Wotchuka kuposa onse lero ndi Brandywine, wa zipatso zofiirira motuwa, zimene chimodzi chikhoza kulemera theka la kilogalamu kapena kuposa. Ulimi wa makina ndi malole utakula, mitundu yotereyi inasowa m'masitolo, n'kutsala m'manja mwa mabanja osunga njere zawo. Mu 1975 Kent Whealy ndi mkazi wake Diane anayambitsa bungwe la Seed Savers Exchange, limene likulu lake lili ku Decorah m'chigawo cha Iowa. Anayamba ndi mbewu ziwiri zokha zimene agogo ake a Diane anawasiyira, zochokera ku Bavaria m'dziko la Germany: duwa lina loyanga, ndi matimati otchedwa German Pink, amene ndi a masamba a mbatatesi. Brandywine anafika m'bungweli mu 1982 kudzera mwa mkulu wina wa ku Ohio, Ben Quisenberry, amene anasunga mitundu yambiri ya matimati mpaka ukalamba wake. Ku Ulaya kunalinso ina ya zipatso zazing'ono zocha msanga, monga Stupice wa ku Czechoslovakia ndi Matina wa ku Germany. Mayina ndi achilendo, koma nkhani yake ndi yodziwika kwa aliyense amene anaona agogo akumanga njere za maungu m'kansalu n'kuzipachika padenga pamwamba pa moto.

Chimene chimapangitsa tsamba lotereli ndi kachidutswa kamodzi ka chibadwa cha mbewu, ndipo kamabisala. Mbewu iliyonse imatenga mbali imodzi ku mungu, mbali ina ku duwa lolandira. Kuti tsamba lituluke la mbatatesi, mbali zonse ziwiri ziyenera kukhala za mbatatesi. Ikangokhala imodzi ya tsamba lodukaduka, lodukadukalo ndilo limaoneka, linalo n'kukhala chete m'kati. Mbewu ziwiri zobisa chotere zikakwatirana, pa mbande zinayi zilizonse pafupifupi imodzi imatuluka ndi tsamba la mbatatesi, monga mwana amene watengera mphuno ya agogo ake pamene bambo ndi mayi alibe. Lamulo limeneli ndi lija Gregor Mendel analipeza pa nsawawa m'munda wa nyumba ya ansembe ku Brno, n'kulifalitsa mu 1866.

Kwa wolima pakhomo phindu lake lili apa. Matimati nthawi zambiri amadzibereketsa okha, duwa lililonse ndi mungu wake, n'chifukwa chake njere za mitundu yakale zimabala ana ofanana ndi kholo. Koma njuchi zina zimasakaniza, makamaka pa mitundu ya zipatso zazikulu imene kansonga kolandira mungu kamatulukira kunja kwa duwa. Pa matimati wamba sungadziwe kuti mbewu yasakanizika mpaka utaona chipatso, miyezi itatu itapita. Pa a masamba a mbatatesi umadziwira pa nazale pomwepo. Ukafesa njere za mtengo wa masamba osalala, n'kuona mbande ya tsamba lodukaduka, imeneyo bambo wake ndi wa kwa aneba. Izule, zotsalazo ndi zako. Munthu wosapita ku sukulu ya zaulimi akhoza kusunga mtundu wake woyera zaka ndi zaka pongoyang'ana tsamba lachitatu.

Pali zimene okonda mitunduyi amakokomeza. Ena amati tsamba lokhuthala limateteza ku matenda. Umboni wake ndi wochepa. Chiwawu chimene chinawononga mbatatesi ku Ireland kuyambira 1845, anthu pafupifupi miliyoni imodzi n'kufa ndi njala, chimagwira matimati a mtundu uliwonse, ndipo m'dzinja la Lusaka, mu Januwale ndi Febuluwale, chimapsereza mtengo m'masiku ochepa. Ena amati tsambalo ndilo limakometsa chipatso. Ayi, kukoma kuli m'mtundu, m'dzuwa ndi m'kupsera pamtengo. Chimene tsamba lotambalala limachitadi ndi kuphimba zipatso kuti zisawaulidwe ndi dzuwa. Brandywine ndi wochedwa, amatenga masiku 80 mpaka 100 chiwokereni, amabereka zochepa, khungu lake ndi lopyapyala, ndipo amang'aluka akamwa madzi ambiri pambuyo pa ludzu. Kukatentha kupitirira madigiri 32, maluwa ake amayoyoka osagwira. Pa bokosi la ku Soweto angafike ali phala. Koma kuchoka pa mtengo kufika pa mbaula ndi mapazi khumi okha, ndipo pa mtunda umenewo khungu lopyapyala si vuto. Woyamba kumene angachite bwino ndi mitundu yaing'ono ngati Stupice kapena Matina, imene imayamba kucha pakatha miyezi iwiri ndipo imapirira kuzizira.

Nyengo ya Lusaka imathandiza amene waiwerenga bwino. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, choncho kutentha kwake si kwa ku chigwa cha Luangwa kapena ku Siavonga. Wofesa chakumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi amawokera mvula ikutha, mitengo imakula m'nyengo youma yopanda chiwawu chambiri, ndipo amathyola dzuwa la Okutobala lisanafike. Usiku wa Juni ndi Julayi umachedwetsa kukula, koma khoma la mabuloko limene lawamba dzuwa masana limatulutsa kutentha usiku, ndiye thumba likhale pafupi nalo. Ndati thumba chifukwa ku Garden dimba la masiku ano ndi thumba la ufa la makilogalamu 25, ndowa yobooka, kapena chigubu cha malita 20 chodulidwa pamwamba. Dothi la pakhomo nthawi zambiri ndi lotopa, losakanikirana ndi phulusa, zidutswa za simenti ndi madzi a sopo, ndipo pamene pabzalidwa matimati kawirikawiri pamakhala tinyongolotsi totupitsa mizu. Thumba la dothi latsopano losakaniza ndi manyowa a nkhuku owolerana limapewa zonsezi, ndipo wa lendi akasamuka amanyamula dimba lake pa wilibala pamodzi ndi matiresi. Mitundu yambiri ya masamba a mbatatesi simaleka kukula. Imafuna mtengo wochirikiza wotalika mamita awiri, kapena chingwe chomangirira ku denga, ndipo mphukira zotuluka pakati pa tsinde ndi tsamba zizithyoledwa zikadali zazing'ono, apo ayi pamakhala tchire la masamba popanda chipatso. Madzi athiridwe pansi, osati pamasamba, pang'onopang'ono koma tsiku ndi tsiku.

Adani alipo awiri amene agogo a madimba oyamba a ku Garden sanawadziwe. Woyamba ndi kangaude wofiira, wamng'ono ngati fumbi, amene anachokera ku South America, n'kuonekera ku Zimbabwe mu 1979 asanafalikire m'maiko oyandikana nawo. Amakonda kotentha ndi kouma. Masamba amayamba timadontho toyera, kenako ukonde, kenako kuuma. Wachiwiri ndi Tuta absoluta, kagulugufe kakang'ono kamene mphutsi zake zimalowa m'kati mwa tsamba n'kumadya, kusiya mawanga oyera ngati pepala, kenako n'kuboola chipatso. Kanafika ku Spain mu 2006, ku Tanzania mu 2014, ndipo mu 2016 kanali mu Zambia. Alimi anataya minda yathunthu, mtengo wa bokosi unakwera, ndipo ambiri anayamba kupopera mankhwala kawirikawiri kuposa kale, ena osadikira masiku olembedwa pa botolo asanathyole. Apa mwini mitengo inayi amaposa mwini mahekitala anayi. Akhoza kuyendera tsamba lililonse m'mawa, kufinya mphutsi ndi zala, kuthyola tsamba logwidwa n'kuliponya pa mbaula. Pa tsamba losalala ndi lotambalala njira ya mphutsi imaoneka msanga.

Za madzi sitingazibise. Madzi a m'ngalande ndi a m'madamu amene anayambitsa madimba a Garden ndi omwewo amanyamula matenda. Kolera ya 2017 mpaka 2018 inayambira m'makomboni a Chipata ndi Kanyama n'kugwira anthu oposa 5,000 mu Lusaka. Ya 2023 mpaka 2024 inali yoopsa kuposa pamenepo, mpaka bwalo la mpira la National Heroes linasanduka chipatala. Gawo lalikulu la mzindawu lakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, madzi a pansi ali pafupi, ndipo zimbudzi zokumba zimatsikira m'zitsime zosaya. Matimati aakulu okomawa anthu amakonda kuwadya osaphika, ndi mchere ndi anyezi. Oterowo athiriridwe ndi madzi a pampopi kapena otsukuluzira mbale ndi ndiwo, zipatso zisakhudze pansi, ndipo zitsukidwe. Mtengo umodzi m'thumba umamwa malita awiri kapena atatu patsiku kukatentha. Ngakhale m'chilala cha 2024, pamene magetsi ankazima tsiku lonse ndipo mipopi inkauma, madzi otere banja linkatha kuwapatula.

Chovuta chenicheni ndi mbewu. M'masitolo a zaulimi a m'tauni mupeza Tengeru, Rodade, Money Maker ndi mahaibulidi; ya masamba a mbatatesi ndi yosowa, ndipo imayenda kwambiri pakati pa anthu okonda minda, dzanja ndi dzanja. Kuitanitsa kunja kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za matenda a mbewu, ndipo lamuloli lili ndi chifukwa: pali matenda a matimati oyenda m'njere, ndipo envelopu imodzi yobisidwa m'chikwama ikhoza kuvulaza alimi a dziko lonse. Nkhokwe zosungira mbewu zakale tili nazo pafupi, ku Mount Makulu ku Chilanga ndi ku Chalimbana, kumene maiko a SADC anaika nkhokwe yawo, ndipo ku Kasisi Agricultural Training Centre, imene Ajezuiti anatsegula mu 1974, amaphunzitsa alimi kulima popanda mankhwala ndi kusunga mbewu zawo. Koma nkhokwe ya mufiriji simalowa m'malo mwa mbewu imene ikubzalidwa chaka ndi chaka. Phwetekere wathu wamng'ono uja nayenso akusowa m'tauni, pakuti madzala amene ankamerapo anasanduka zipinda.

Kusunga njere n'kosavuta. Sankhani chipatso chakupsa bwino pa mtengo wathanzi, osati chotsalira chakumapeto. Finyirani njere ndi madzi ake m'kapu, muzisiye masiku awiri kapena atatu mpaka pamwamba pachite nkhungu. Kuwira kumeneko kumachotsa lendalenda loletsa kumera ndiponso kumapha tizilombo tina. Tsukani, tayani zoyandama, yanikani zomira pa mbale pamthunzi kwa sabata imodzi, kenako muziike m'pepala m'botolo louma, mulembe mtundu ndi chaka. Zimamera bwino mpaka zaka zinayi kapena zisanu. Chipatso chimodzi chimapereka njere zokwanira poloti yonse ndi ya pafupi. Inu a ku Chilulu, a ku Luangwa, a ku Chaisa ndi kwina konse, mukaona mbande ya masamba osalala pa nazale kapena pa mulu wa manyowa, musafulumire kuizula. Ipatseni thumba lake, muione mmene iberekere, ndipo ikakoma mugawireko njere amai a khomo loyandikana ndi lanu.